Lekodi ya a Kapitawo

Apongozi anga aamuna anatisiya Lachinayi loyamba la mwezi wa Okutobala chaka chatha, nthawi ya 2 koloko masana. Ola ndikulidziwa chifukwa aphunzitsi a pasukulu yathu ya kwa Mphuka anali pomwepo, ndipo amayi, apongozi anga aakazi, atayamba kulira, aphunzitsiwo anayang'ana wotchi yawo n'kutchula nthawi. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, mtsuko wa madzi uli pamutu. Sindinautule msanga. Ndinangoima, madzi akundidonthera m'khosi, maso ali pansi pa nkhokwe pamene ndinakwirira chinthu cha malemuwo zaka ziwiri m'mbuyomo.

Sabata yamawa tiphika mowa wowakumbukira. Pagulu sinditha kulankhula, ndiye ndalemba, kuti mwana wanga Tereza akadzakula adzawadziwe ambuye ake, ndiponso adzamve kwa ine ndekha zimene ndinawachita.

Dzina lawo lenileni sinditchula, pakuti mtengwa satchula dzina la apongozi. Kuyambira ku boma la Feira mpaka kutsidya ku Zumbo anthu ankawatcha a Kapitawo, chifukwa pa unyamata wawo ndiwo ankaima kumbuyo kwa bwato lalikulu, kuliwongolera ndi kuitanira opalasa. Anali aafupi, a chifuwa chachikulu, zala za kumapazi zotalikirana ngati za bakha. Pamtunda ankayenda mopendama, ngati nthaka ikugwedezeka. Sanali munthu wofewa. Akanena chinthu, chinali chomwecho ngakhale mudzi wonse uone kuti alakwa. Anakhalapo mwezi wathunthu osadya nyama ya mbuzi chifukwa amayi anapha mbuzi imene iwo sanaloze.

Ine ndi iwo sitinalankhulanepo maso ndi maso. Mwambo sulola. Ndikawapatsa madzi ndinkagwada patali, n'kuika chikho pansi. Tereza atabadwa anapeza njira. Ankayang'ana khandalo kumsana kwanga n'kunena kuti, "Tereza, uwauze amako kuti madzi a lero akoma." Ine ndinkayankhanso kudzera mwa iye, mwana amene analibe ngakhale dzino limodzi. Akabwera kumtsinje ankapatula nsomba yonona n'kuuza Tereza kuti imeneyo ndi ya amake, asamve kuti yalowa mumphika wa wina. Amuna anga amagwira ntchito yoperekera zakudya pahotela ku Walale, mzinda waukulu wa kutali kum'mwera, amabwera pa Khirisimasi pokha, motero pakhomo pano amene ankandiona ngati munthu anali nkhalambayi.

Nkhani ya lekodi inayamba ine ndisanakwatiwe, boma la Chitaganya lisanabwere. Kunafika azungu a bayisikopo ndi makina awo, nalemba mabwato atatu kuti awajambule akupalasa pamene Luangwa amathira mu Zambezi. Anawabweza kasanu ndi kawiri pamalo amodzimodzi, dzuwa lili pamutu. A Kapitawo ankati sanaonepo anthu opusa chotero, ofuna kuwoloka mtsinje koma osafuna kufika kutsidya. Bayisikopoyo sitinaione, ndipo sindikhulupirira kuti tidzaiona. Galimoto ya boma ikabwera kuno imationetsa za kukumba zimbudzi ndi kulima mizere.

Koma nyimbo ya m'bayisikopomo anaitulutsa payokha pa lekodi, mbale yakuda ija ya galamafoni, ndipo inagwira mtima anthu a m'tauni. Amuna anga amati ku Walale inkamveka paliponse, m'hotela, m'masitolo a amwenye, m'mawailesi, mpaka ophika ankaiimbira muluzu. Tsiku lina ataitchera khutu bwino anamva mawu amene anawadziwa. Anagula lekodiyo ndi galamafoni yakale, n'kuzisenza mpaka kuno.

Lekodi ikayamba kuzungulira, choyamba unkamva kuwawaza ngati mvula ikubwera. Kenako nkhafi zikumenya madzi. Kenako mawu a mwamuna akuitana patali, kuitana kuja kwa kapitawo bwato likamalowa m'madzi othamanga, ndipo opalasa ankayankha kamodzi. Zikatero malipenga ankayamba, mkazi wachizungu n'kuimba m'Chingerezi mpaka kumapeto. Aphunzitsi anatiuza kuti akulira bwenzi lake limene linapita ndi mtsinje. A Kapitawo analibe naye ntchito mayiyo. Ankati anamuikamo kuti angodzaza malo otsala.

Ankaiimba Lamlungu lokha, tikachoka kutchalitchi, pansi pa msawu wa pakhomo, kawiri basi. Singano zachitsulo zimene zinabwera ndi galamafoni zitatha sanafune zina, ankati chitsulo chimadya lekodi pang'onopang'ono. Anapeza okha nzeru ya minga. Ankapita kuthengo kukasankha minga ya mthethe, yoyera ndi yowongoka, n'kuiyanika pamthunzi, kenako n'kuinola pa kamwala kosalala ka kumtsinje. Munga umodzi unali wa kuimba kumodzi. Ukatha ntchito ankauponya pamoto kuti ana asauponde. Yonolanola ankaisunga m'kachitini ka fodya. Mawu a munga ndi otsika kuposa a singano, motero aliyense ankayenera kukhala chete ndi kusendera pafupi. Ndikuganiza kuti zimenezo ndizo ankafuna.

Mmodzi yekha ndiye sankakhala chete, a Bastiyawo, sabwira wawo. Kwathu kuno munthu wamkulu aliyense ali ndi sabwira, bwenzi la mtundu wina limene makolo ake ankaikirana maliro ndi makolo ako. Sabwira amakutukwana pagulu popanda mlandu. Akhoza kugwira nkhuku pakhomo pako kapena kukuvula chipewa kumutu, iwe n'kungoseka, malinga atenge anthu akuona. Ndipo tsiku lako likafika, ndiye amakusambitsa, kukuveka ndi kukutsitsira m'manda, pakuti wachibale sakhudza mtembo. A Bastiyawo anali aatali, oonda, a dzino limodzi kutsogolo. Anapalasa bwato limodzi ndi a Kapitawo kuyambira ali anyamata, ndipo tsiku la azungu lija analipo. Pansi pa msawu anali ndi kampando kawo kamene kankagona pomwepo.

Mawu aja akangomveka, a Kapitawo ankakweza chala n'kudziloza pachifuwa.

"Iwe?" ankatero a Bastiyawo. "Ndi mawu ako a chule wa m'chitsimewo? Ameneyo ndine. Iwe tsiku lija unali m'bango, nyama ya m'chitini ya azungu itakutsegula m'mimba."

"Galu wa ku Zumbo iwe, unaitanirapo bwato liti? Ntchito yako inali kukapa madzi, nawonso unkakapira m'kati."

Lamlungu lililonse zinali zomwezo, ndipo Lamlungu lililonse anthu ankaseka ngati akumva koyamba.

Nyimboyo sinakhalitse m'bokosi. Amayi a pamtondo anaiika mawu awoawo, odandaula mwamuna wopita ku Walale osalemba kalata. Ana ankaitanizana kumtsinje monga a Kapitawo. Ogula nsomba ochokera ku Zumbo ankachedwa dala Lamlungu kuti aimve. Inalowa ngakhale m'tchalitchi. Akatekisiti anabwera kudzadandaula kuti amayi akamaimba nyimbo ya Mariya akukhotera ku bayisikopo. A Kapitawo anawayankha kuti iwo amaimba Misa itatha, ndipo ngati nyimbo ya kutchalitchi ikumezedwa ndi munga umodzi, akatekisiti akafune ina yolimba. Sanapepese, koma Lamlungu lotsatira anawatumizira nsomba.

Tsopano ndinene zanga.

Tereza ali ndi miyezi isanu ndi umodzi anadwala malungo, mvula isanagwe, nthawi imene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Analira masiku atatu. Tsiku lachitatu anthu onse anali kudimba, a Kapitawo atapita ndi nsomba ku boma. Ndinayesa kumubereka, kumuyamwitsa, kumusambitsa, osatheka. Ndiye ndinakumbukira kuti Lamlungu lililonse, lekodi ikayamba, mwanayu ankatonthola n'kutembenuza mutu.

Ndinalowa m'nyumba ya apongozi aamuna, mpaka kuchipinda kumene amagona. Mtengwa salowa kumeneko ngakhale nyumba ikupsa. Ndinatulutsa bokosi pansi pa bedi, n'kupita nalo pansi pa msawu. Ndinali nditaona kambirimbiri mmene amapukusira ndi mmene amamangira munga. Nkhafi zitayamba kumenya madzi Tereza anachepetsa kulira. Malipenga asanathe anali atagona. Ndinatsamira mtengo kuti ndisamudzutse. Inenso ndinali ndisanagone masiku atatu.

Nditadzuka mthunzi unali utachoka. Bokosi linali padzuwa, lotseguka, ndipo lekodi inali itapindika mbali imodzi ngati nsomba youma. Inanditentha zala. Ndinathamanga nayo kumphero, n'kuitsindika ndi mwala kuti iwongoke. Inalira kamodzi, kuti the! Mng'alu unayambira m'mphepete mwenimweni, pamene pali mawu awo, mpaka pakati.

Ndinabweza bokosi pansi pa bedi, ndinasesa mapazi anga pakhomo. Lekodi ndinaikulunga m'kansalu, n'kuiika mumphika wong'aluka, n'kukwirira pansi pa nkhokwe ya mapira.

Lamlungu anthu anasonkhana monga mwa masiku onse. A Kapitawo anatsegula bokosi, napeza pepala lokha la lekodi. Maso onse anapita kwa a Bastiyawo, chifukwa sabata yapitayo anali atanena kuti tsiku lina adzaitenga akakazingirepo mtedza, ndiponso mkati mwa sabata anaoneka pakhomo pathu akuthamangitsa nkhuku. A Kapitawo anayamba ndi kuseka.

"Bweretsa, mfiti iwe, anthu akudikira."

"Sindinatenge."

"Mtedza wako wapsa, bweretsa."

"Ndati sindinatenge, Kapitawo."

Atakana kachitatu kuseka kunatha. A Kapitawo anatseka bokosi pang'onopang'ono, nanena kuti sabwira amatenga masana n'kuvomera, koma amene watenga n'kukana ali ndi dzina lina. A Bastiyawo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaimirira, nanyamula kampando kawo kaja, n'kupita nako kwawo.

Ine ndinali pamphasa pakati pa amayi, Tereza ali pamiyendo. Ndinaweramira mwana ngati ndikumukonza nsalu. Ndinkaopa kubwezedwa kwathu ku Katondwe ndi mbiri yoti ndinalowa kuchipinda kwa apongozi. Ndinadziuza kuti nkhalambazi zimakangana tsiku ndi tsiku, zidzagwirizana. Ndinadziuza kuti ndidzanena mawa.

Sizinagwirizane. Akakumana kudooko ankapatsana moni waulemu ngati alendo, "Mwauka bwanji, bambo," "Tauka bwino, kaya inu." Anthu ankayang'ana kumbali. Amayi ankati moni umenewo unkawapweteka kuposa kutukwana kulikonse kumene anamvapo.

Amuna anga atamva anayendayenda m'masitolo a ku Walale. Anawauza kuti lekodi yakale ija inatha, sakuipanganso. Imene inalipo inali yatsopano, ya anyamata a m'tauni amene anatenga nyimbo yomweyo n'kuiimba m'Chinyanja ndi magitala, mothamanga, ya dansi. Anabwera nayo pa Khirisimasi. Munalibe nkhafi, munalibe woitana. A Kapitawo anaimvera mpaka pakati, nanyamula mkono wa galamafoni, n'kupereka lekodiyo kwa aphunzitsi. Lero ndiyo imene achinyamata amavina, ndipo ambiri a iwo amayesa kuti nyimboyo inayambira pa magitala.

Chimene sindingaiwale ndi chakuti minga sanasiye kunola. Madzulo aliwonse, dzuwa likapendeka, ankakhala pampando wawo wa chikopa cha mbuzi pansi pa msawu, kamwala pabondo, akunola. Ankapakanso mafuta a nsatsi m'makina a galamafoni. Amayi akawafunsa kuti minga yonseyi ndi ya chiyani, ankati wakubayo tsiku lina adzachita manyazi, ndipo sayenera kudzawapeza osakonzeka. Kachitini kanadzaza, nayamba kachiwiri, kenako kachitatu.

Kwa ine sanasinthe. Nsomba yonona inali yanga monga kale. Tsiku lina mpeni wawo utasowa, anafunsa aliyense pakhomo kupatula ine, nauza Tereza kuti amake okha ndiwo sagwira zinthu za eni. Tsiku limenelo sindinadye.

Ndinayesapo kamodzi. Ndinaika chikho pansi, ndinagwada, ndinati, "Tereza, uwauze ambuye kuti..." Anasiya kunola, nadikira. Ndinamaliza kuti mbuzi zalowa m'munda wa mapira. Anathokoza Tereza, natenga ndodo, n'kupita kukathamangitsa mbuzi zimene kunalibe.

Anadwala chifuwa sabata imodzi yokha. Abambo ansembe a ku mishoni anabwera panjinga kudzawadzoza, nawapempha kuti akhululukire aliyense amene anawalakwira. Anayankha kuti kwa Mulungu akhululuka onse. Koma abambo atachoka anaitana mng'ono wawo a Tomasi, nawauza kuti Bastiyawo asadzakhudze thupi lawo pokhapokha atabweza mawu awo a m'lekodi. Ndinamva ndekha, ndili pakhonde ndi phala lawo. Ndinali ndi masiku awiri oti ndinene. Ndinaphika, ndinatunga madzi, ndinachapa nsalu zawo, osanena.

Lachinayi lija, dzuwa litapendeka, a Bastiyawo anatulukira panjira ya kumtsinje ndi beseni, sopo ndi nsalu yoyera yopindapinda, yooneka kuti inasungidwa kalekale. A Tomasi anakakumana nawo kumapeto kwa bwalo, nawauza zimene malemu analamula. Sabwira akafika pamaliro amafika ndi phokoso, kutukwana wakufayo kuti ndi waulesi, kuseketsa olira. Koma a Bastiyawo anangoika nsalu ija pa udzu, nabwerera ndi beseni lawo.

Amuna anakambirana kuti ndi kutentha kumeneku maliro ayenera kuikidwa mawa dzuwa lisanafike pamutu, ndipo ngati palibe njira ina aitana munthu wa kumudzi wina. Amayi atamva analira kuti amuna awo asambitsidwa ndi mlendo ngati munthu wotoledwa pamadzi.

M'mawa mwake kutangoyera ndinakwawira pansi pa nkhokwe ndi kakhasu. Mphika unalipo. Nsalu inali itadyedwa ndi chiswe, koma lekodi chiswe chinaikana. Ndinaiika m'lichero, ndinavundikira, ndinabereka Tereza, n'kutsika njira ya kumtsinje.

A Bastiyawo ndinawapeza panja, atakhala pa kampando kaja, beseni lili pamapazi. Ndinagwada, ndinavundukula lichero. Ndinanena zonse, kuyambira malungo a mwana mpaka mwala wa mphero. Anatenga lekodi, napukuta dothi ndi chala chachikulu, kutsata mng'alu mpaka pakati. Ndinkadikira kuti andikalipire, ndipo ndinkafuna kuti atero.

"Zaka ziwiri, mwana wanga," anatero. "Zaka ziwiri ndinalibe munthu womutukwana."

Ndinawapempha kuti akauze a Tomasi, ine ndilandira chilichonse. Anapukusa mutu, nati iwo anakana kale katatu pagulu ndipo palibe anawakhulupirira, amene akanene ndine. Anandibwezera lekodi, natola beseni. Tili panjira, iwo patsogolo ine pambuyo, ananena osacheuka kuti, "Mawu aja anali ake. Amene anali m'bango tsiku lija ndinali ine."

Kumapeto kwa bwalo, pamene anabwezedwa dzulo lake, anaima, nandiuza kuti nditsogole.

Pansi pa msawu panalibe munthu, ngakhale bwalo linali lodzaza. Mpando wa chikopa unali pamalo ake, wolowa pakati monga anausiyira. Kutsogolo kwake kunali timaenje tiwiri timene zidendene zawo zinakumba. Kamwala konolera kanali pamuzu, ndi zitini zitatu, chachitatu chosatseka, munga umodzi wonoledwa mbali imodzi uli pamwamba. Kudzanja lamanja, pamene pankakhala kampando ka a Bastiyawo, nkhuku zinali zitakumba posambira fumbi, chifukwa zaka ziwiri zonsezo a Kapitawo sanalole munthu kukhalapo.

Ndinatsitsa Tereza. Ndinaika lekodi pampando, poonekera, n'kugwada pambali pake, nkhope kuloza kumene kunali amuna. Oyamba kufika anali a Tomasi, kenako amayi atagwiriridwa ndi amayi anzawo awiri, kenako bwalo lonse. Sindinalankhule kudzera mwa mwana. Ndinanena ndekha, ndipo a Tomasi atati akumbuyo sakumva, ndinabwereza mokweza.

Amayi anayang'ana lekodi, nayang'ana ine, n'kutembenuka. A Tomasi anapita kumapeto kwa bwalo, navula chipewa, natola nsalu yoyera ija pa udzu, n'kuipereka kwa mwini wake ndi manja awiri.

Ine ndinatenga mtsuko kuti ndikatunge madzi owasambitsira. Ndikutuluka pabwalo ndinamva a Bastiyawo akulowa m'nyumba, akufunsa chule wa m'chitsime kuti wagoneranji mpaka dzuwa kutuluka. Pakati pa chitukwano mawu awo anaduka. Sindinacheuke. Ndinatsika kumtsinje, ndinadzaza mtsuko, ndipo m'mawa umenewo ndinabwererako kanayi, mpaka anatuma mawu kuti madzi akwana.